Ketulo Yogulira Makutu a Aneba

Mayi Singano anapsereza maketulo awiri m'chaka chimodzi, ndipo onse awiri anawapsereza masanasana, iwo ali maso, atakhala pa makina awo osokera. Yoyamba inaphwa madzi mpaka kubooka kunsi. Yachiwiri inasungunuka chogwirira, utsi n'kudzaza nyumba yonse, ndipo amene anayamba kuuona utsiwo si eni nyumba ayi, koma bambo wina amene anabwera kudzatenga buluku lake. Bamboyo anathamangira kukhitchini, anazimitsa chitofu, n'kutsegula mawindo. Mayi Singano anamuthokoza, anamupatsa buluku lake lonunkha utsi, ndipo anamupempha kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Koma pakamwa pa munthu saikapo zipi. Pofika Lamlungu, nkhani inali itamupeza mwana wawo.

Dzina loti Singano sanabadwe nalo. Analipeza ali mtsikana ku fakitale yosoka mayunifolomu, chifukwa cha chizolowezi chawo chobaya singano pa kolala ya diresi kuti isawasowe. Ana awo onse atatu anakula akudziwa kuti amayi awo sawakumbatira mothamanga. M'fakitalemo munali makina osawerengeka olira nthawi imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo anakhalamo zaka khumi ndi zinayi. Anakwatiwa ndi dalaivala wa lole ali komweko. Mwana wachitatu atabadwa anasiya ntchito, anagula makina awoawo opalasa ndi mapazi, n'kuwaika pabalaza mogundiza khoma, pafupi ndi windo. Makinawo sanasunthepo pamenepo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, moti miyendo yake inakumba timaenje tinayi pa simenti.

Anali munthu wosafuna kuona chinthu chili chosavala. Wailesi inali ndi malaya ake, simbi inali ndi thumba lake, ngakhale botolo la gasi kukhitchini linali ndi siketi yamaluwa. Malemu amuna awo ankanena kuti ukakhala phee nthawi yaitali m'nyumba imeneyo, udzangozindikira akusokera chivundikiro. Chinanso, sankataya batani. Lililonse limene alipeza, kaya pamsewu, kaya pa malaya akutha, linkalowa m'chitini chakale cha mabisiketi, ndipo chitinicho chinali cholemera ngati mwana wa miyezi itatu.

Makutu anayamba kuwathawa pang'onopang'ono, monga amachitira makutu. Poyamba zinasowa mbalame. Kenako mvula inasiya kumveka pa malata. Iwo sanavomere. Ankati anthu a masiku ano amayankhulira m'mphuno, ndiponso mawailesi akupangidwa tsopanowa ngopanda mphamvu. Anaphunzira kuwerenga milomo, ndipo chimene sanachigwire ankangochiyankha kuti "eya, eya" uku akugwedeza mutu. Pa ntchito yawo izi sizinkasokoneza kwenikweni, chifukwa munthu wofuna kuti mumufupikitsire buluku amaloza ndi chala. Achibale okha ndiwo anazolowera kukuwa. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankayankhula ngati ali tsidya lina la msewu.

Tiyi ankamwa kawiri. Wam'mawa analibe vuto, poti ankaima pachitofu mpaka madzi awire. Woopsa anali wa folo koloko madzulo. Ankatereka ketulo, n'kunena mumtima kuti ndingomaliza msoko umodzi uwu, ndipo aliyense amene anagwirapo singano akudziwa kuti msoko umodzi uli ndi abale ake ambiri.

Mwana wawo woyamba, amene onse amangomutcha Chisamba ngakhale kuti pano ali ndi dazi ndi ana amapasa, amagwira ntchito ku kampani yogulitsa zozimitsira moto. Munthu wotere akalowa m'nyumba saona mipando, amaona nkhuni. Anafika Lamlungu lomwelo, anayang'ana denga la kukhitchini lili bii, anayang'ana milu ya nsalu pabalaza, kenako anakhala pansi n'kuyamba kukuwa mwaulemu. Anati kunyumba kwake kuli chipinda chakuseri, penti apaka kale, bedi lilimo. Mayi Singano anafunsa za makina. Chisamba anayang'ana pansi, nati makinawo angasungidwe m'galaja, popeza mapasa amawerenga madzulo ndipo mayi awo phokoso limawapweteketsa mutu. Za ketulo yamagetsi yozima yokha sanavutike n'kuzitchula komwe. Nyumbayo ili ndi soketi imodzi yamoyo, ndipo ukalumikizapo chinthu china simbi ili pomwepo, magetsi amathima mdadada wonse.

Mayi Singano anakana kwamtuwagalu. Anati makutu awo ali bwinobwino, kungoti ketulo zija zinali zachabechabe.

"Chabwino, Amayi," anatero Chisamba. "Ngati mukumvadi, gulani ketulo ya wezulo. Ikalira muzikazimitsa. Koma ndikadzapeza kuti simukuimva, kapena yapsa yachitatu, sitidzakambirananso. Ndidzabwera ndi galimoto."

Mawu amenewo anawamva onse, ndipo anachita mantha. Sankaopa imfa, sankaopanso moto. Ankaopa kukakhala m'chipinda chopaka penti, manja ali pamiyendo, kudikira kuti mpongozi awaitane kudzadya.

Tsopano ndikuuzeni za kuseri kwa khoma. Nyumba yawo ndi yogundana ndi ina, khoma limodzi, mpopi umodzi panja pakati pa makonde awiri. Kuseriko kumakhala Aphunzitsi, mayi wamtali wopuma ntchito, wamasiye ngati iwo, amene amavala wotchi pamkono ngakhale pochapa. Awiriwa anali asanayankhulane kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chinawadanitsa ndi diresi. Aphunzitsi anabweretsa nsalu yobiriwira kuti awasokere diresi yokavala pa tsiku lotsekera sukulu. Poyesa, zipi inakanira pakati pa msana. Aphunzitsi anati telala wawabera nsalu. Telala anati tepi sinama, munthu ndi amene wanenepa pakati pa kuyeza ndi kuyesa. Diresi inatsala pampando, kenako inalowa m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo moni anathera pomwepo.

Kuyankhulana kunatha, koma kugogoda ayi. Aphunzitsi anali ndi mpini wa mopu umene ankamenyera khoma akamva phokoso losawasangalatsa. Wani koloko iliyonse, nthawi yawo yogona masana, gu gu gu, katatu. Wailesi ikakwera, gu gu gu. Mayi Singano sanasiyepo kupalasa makina chifukwa cha zimenezo, ndipo zaka zino kugogodako sankakumvanso n'komwe. Ankangokuona. Sizasi yawo yaikulu imapachikidwa pa msomali pakhoma lomwelo, pamwamba pa makina, ndiye kuseri kukamenyedwa, sizasiyo imavina.

Lolemba lotsatira, wani koloko itakwana, sizasi inavina monga mwa masiku onse. Mayi Singano anaimitsa mapazi. Anaiyang'ana sizasiyo nthawi yaitali, kenako anayang'ana khomo la kukhitchini, n'kubwereranso pa sizasi. Atatero anavula epuloni, anakoloweka tepi m'khosi, natuluka.

Sitolo ya ziwiya inali ndi maketulo a wezulo amitundu inayi. Wogulitsa, bambo wamagalasi wa mawu ofatsa, anayamba kufotokoza ubwino wa iliyonse, ndipo ankati akayamba chiganizo n'kutembenukira kushelefu, theka la mawu ake n'kutayika. Mayi Singano sanadandaule nazo. Iwo ketulo ankaiona ngati chovala chosokedwa ndi telala wina. Ankaitembenuza chadodolido kuti aone kunsi ngati n'kochindikala ndiponso kosalala, poti yopyapyala kunsi imapindika ikangolawa moto. Ankayendetsa chikhadabo pamene mlomo walumikizana ndi thupi, kufuna msoko wobisika. Ankagwedeza chogwirira ngati akuyesa batani, n'kuona ngati dzanja lingakhale patali ndi nthunzi pothira. Imodzi anaibweza asanaiyese n'komwe, chifukwa chogwirira chake chinali chachitsulo chokhachokha, choti n'kukuwotcha. Zinatsala zitatu.

Kenako anapempha madzi ndi moto. Wogulitsa anati m'sitolo muno sitiphikamo. Mayi Singano anati eya, eya, n'kuloza kachitofu ka gasi kamene kanali pa kauntala koonetsera makasitomala. Bamboyo anabwerezanso mokweza. Iwo anagwedeza mutu mokoma mtima n'kukhala pa mpando, chikwama pamiyendo. Kusamva kuli ndi ubwino wake, chifukwa wokana amatopa yekha. Patapita nthawi pang'ono bamboyo anapita kuseri kukatunga madzi.

Yoyamba inali yofiira, yokongola, yoti mpongozi akanaikonda. Nthunzi itayamba kutuluka, Mayi Singano sanayang'ane ketulo, anayang'ana nkhope ya wogulitsa. Bamboyo anamwetulira, anapendeka mutu, ndipo milomo yake inati imeneyi imaimba ngati mbalame. Mayi Singano anati aichotsepo. Yachiwiri chivundikiro chake chinali cholobodoka, nthunzi inkathawira m'mbali, ndipo nkhope ya wogulitsa sinasinthe konse. Anati aichotseponso.

Yachitatu inali yotuwa, yonenepa m'munsi, yopanda maluwa kapena chilichonse chokopa, ndipo inachedwa kuwira chifukwa cha kuchindikala. Koma itawira, wogulitsa anatsinzina, mapewa anakwera mpaka m'makutu. Mayi wina amene ankasankha masipuni anagwetsa masipuniwo. Wometa tsitsi wa khomo loyandikana anasuzumira pakhomo, makina ometera ali m'manja, kudzaona amene wapondedwa. Mayi Singano sanamve kanthu, kupatula kuyabwa pang'ono m'dzino lina lakumbuyo.

"Imeneyi," anatero.

Wogulitsayo anali munthu woona mtima. Anawauza kuti ketulo imeneyo yabwezedwa kale kawiri, ndipo womaliza kuibweza anati mkazi wake anamuuza kuti asankhe pakati pa iye ndi ketuloyo. Mayi Singano anamuyang'ana pakamwa, anamva bwino lomwe, ndipo anati aikulunge. Bamboyo anawasonyeza ndi chala kuti madzi asamapitirire pa dzenje la mlomo, komanso kuti chivundikiro azichikanikiza mpaka chikhale, apo ayi siilira. Zimenezo anazisunga.

Tsiku lomwelo folo koloko anatunga madzi pampopi, anatereka, n'kukhala pa makina mtima uli m'mwamba. Anasoka msoko umodzi, wachiwiri, diso limodzi pa singano, lina pa msomali. Mwadzidzidzi sizasi inadumpha, osati katatu, koma ngati kuseriko akugwetsa nyumba. Mayi Singano anaimirira mwaulemu wawo wonse, anakazimitsa chitofu, n'kumwa tiyi wawo ndi buledi. Anali asanamwepo tiyi wokoma choncho chimwalirire amuna awo.

Zinayenda motero tsiku ndi tsiku. Chisamba ankaimba foni kufunsa, iwo n'kumakuwa kuti ketulo ili bwino, imalira ngati mwana wakhanda. Manyazi analipo pang'ono, poti kunama kwa mwana wako sikukoma, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iwo anali m'nyumba mwawo, pa makina awo.

Loweruka lina, patatha milungu itatu, anaganiza zoikwecha ketuloyo. Madzi a pampopi pawo amasiya zoyerayera zouma, ndipo iwo sangagone chiwiya chili ndi litsiro. Anakwecha kunja, anakwecha m'kati, kenako anatsegula kachipewa ka pamlomo. M'kati mwake anapezamo kachitsulo kozungulira, kokhala ndi bowo limodzi pakati, kakugwedera pang'ono, zoyera zitaunjikana kuseri kwake. Telala saona chinthu chikugwedera n'kuchisiya. Anakatokosa ndi nsonga ya sizasi mpaka kanatuluka, anatsuka bwinobwino malowo, ndipo poona kuti nthunzi tsopano izituluka momasuka, sanakabwezeremo. Anakatembenuza m'manja. Kanali ngati batani la jekete. Anakaponya m'chitini cha mabisiketi.

Madzulo ake anatereka, ndipo sizasi inachedwa pang'ono, koma inavina. Mawa lake inavina pa nthawi yake. Inavina mwezi wonse ndi wotsatira.

Chimene Mayi Singano anaona m'miyezi imeneyo n'chakuti Aphunzitsi anasiya kuyenda madzulo. Kale Lachinayi lililonse ankapita kokumana ndi anzawo opuma ntchito, koma tsopano pofika hafu pasiti fili anali atabwerako, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina mwana wa mchemwali wawo anabwera ndi galimoto kudzawatenga kuti akapume kwawo milungu iwiri, ndipo galimotoyo inabwerera yopanda munthu. Mayi Singano anaonera zonsezi pawindo n'kupukusa mutu. Anati mumtima, taonani nkhanza za munthu, kukana ulendo kuti angotsala n'kumamenya khoma la mnzake. Ndipo anathokoza Mulungu chifukwa cha nkhanzazo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chisamba anatulukira Lachitatu lina chakumadzulo osanena, pa galimoto ya kuntchito yapamtunda. Mayi Singano anasuzumira pawindo ndipo anaona zingwe kumbuyo kwa galimotoyo, zokulungidwa bwino, zokwanira kumangira bedi ndi kabati. Mwina zinali za kuntchito.

Anamulandira, anafunsa za mapasa, anamupatsa mpando woyang'anizana ndi makina. Folo itakwana ananyamula ketulo mooneka, kuti mwana aone kuti ndi ya wezulo, n'kupita nayo pampopi. Aphunzitsi anali pakhonde pawo akusenda nyemba. Sanadzutse mutu, anangotembenuza mkono n'kuyang'ana wotchi. Mayi Singano anatereka, anakanikiza chivundikiro, anabwerera pa makina n'kuyamba kupinda siketi ya mwana wa sukulu. Ankacheza, ankaseka, ankati eya, eya. Chisamba ankayankha mwachidule, maso ali kukhomo la kukhitchini.

Sizasi inavina.

"Yalira ketulo yanga," anatero Mayi Singano, ndipo anaimirira mosafulumira, ngati munthu amene makutu ake sanamukhumudwitsepo.

Chisamba anawatsatira. Kukhitchini nthunzi inali ikutuluka pamlomo wa ketulo mwamphamvu, yoyera, yowongoka. Mayi Singano anazimitsa moto n'kutembenuka kuti alandire chiyamiko chawo. Mwanayo sankamwetulira. Anawagwira mapewa, anaweramira pafupi kuti aone milomo yake, ndipo ulendo uno sanakuwe.

"Amayi, ketuloyi siinalire."

Anatsutsa. Anati yalira, mwina iyeyo ndiye makutu ayamba kumuvuta. Chisamba anatenga kansalu, anatsegula kachipewa kaja n'kuwaonetsa m'kati mopanda kanthu. Anati pamenepa pamayenera kukhala kachitsulo kena, kabowo pakati, ndipo popanda kameneko ketulo imangopuma ngati munthu. Mayi Singano anayang'ana m'kachipewamo. Kenako anapita pabalaza, anatsitsa chitini cha mabisiketi, anakhuthulira mabatani pa tebulo, ndipo sanachedwe kukapeza, chifukwa batani lililonse la m'chitinimo amalidziwa. Anakaika m'dzanja la mwana wawo n'kukhala pa mpando wa makina.

Bodza linali litathera pomwepo, ndipo iwo anadziwa. Sanalire. Anaika dzanja pa gudumu la makina n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono, singano ikukwera ndi kutsika pa nsalu popanda kupita kulikonse. Ankaganiza za galaja, kuti kaya mumadontha, ndi kuti ayenera kusoka chivundikiro cha pulasitiki. Chisamba anafunsa kuti nanga anadziwa bwanji kuti madzi awira. Iwo analoza sizasi, n'kuloza khoma. Ndipo ali chilozere, funso limene anali asanalifunse linawafikira. Ngati ketulo siinalire, kuseriko amamenyeranji?

Yankho linabwera lokha. Chitseko chinatseguka popanda odi, ndipo Aphunzitsi analowa, mpini wa mopu uli m'manja. Aka kanali koyamba kuponda m'nyumbamo chichokereni tsiku la diresi. Sanayang'ane eni nyumba. Anayang'ana Chisamba, amene anamuphunzitsa m'kalasi yachitatu, ndipo bambo wadaziyo anaimirira yekha osauzidwa.

"Mphindi khumi ndi ziwiri," anatero Aphunzitsi. "Kukazizira, khumi ndi zinayi. Kuwerengera pamene atseka mpopi."

Anafotokoza mosatekeseka, ngati akupereka lipoti kwa mkulu wa sukulu. Anati masiku oyambirira ankaiwerengera nthawi ketuloyo n'cholinga cholemba kalata yodandaula kwa amene amawachititsa lendi nyumbazo, chifukwa kulira kwake kunali kosayenera pamalo pokhala anthu. Kalatayo analemba, ndipo ikadali m'kabati. Ndiye Loweruka lina anaona madzi atungidwa, nthawi inakwana, koma kunali zii. Anadikira mphindi imodzi, ziwiri, akumva makina akungopalasidwa. Za galimoto ndi chipinda chopaka penti ankazidziwa kale, poti m'nyumba muno mukamakambirana zachinsinsi mdadada wonse umamva. Choncho anatenga mpini n'kumenya. Kuyambira tsikulo akhala akumenya poyang'ana wotchi, miyezi iwiri ndi masiku anayi.

Chisamba anafunsa kuti bwanji sanangowauza amayi ake kuti ketulo yasiya kulira.

"Ndikanawauza bwanji? Sitiyankhulana."

Chisamba anapukuta dazi lake ndi dzanja. Anati akuthokoza kwambiri, koma Aphunzitsi amvetse, iye sangasiye moyo wa mayi ake pa mpini wa mopu. Nanga tsiku limene Aphunzitsiwo adzadwale? Nanga akadzachoka? Aphunzitsi anamuuza kuti ayambe wabwezera batanilo m'malo mwake, ndipo akamaliza akhale pansi, chifukwa sanazolowere kuyankhula ndi mwana wa sukulu atawatalikira. Chisamba anakatenga pulayala m'galimoto, anabwezera kachitsulo kaja, anakafinya m'mbali kuti kasagwederenso, anathiramo madzi ena n'kutereka. Atatero anakhala pansi.

Aphunzitsi anatsitsa mawu, anatembenukira kwa iye, koma windo linali kuwawalira kumaso, ndipo Mayi Singano anawerenga milomo yawo yonse.

"Iwe, tamvera. Bambo a kunyumba kwanga atamwalira, ndinkadzuka m'mawa osadziwa chodzukira. Chimene chinkanditulutsa m'mabulangete ndi makina awa. Ndinkati akayamba kulira, ndimadzuka kuti ndikwiye. Ukawachotsa muno mayi akowa, kuseriku kukhala zii, ndipo ine zii ndimamuopa. Ndikadzadwala ndidzakuimbira foni ndekha, nambala yako ndinaimva pakhoma. Koma ndili moyo, pa nyumba ino sipapsa kanthu." Kenako anawonjezera kuti, "Zimenezi usawauze."

Mayi Singano anayang'ana pa siketi ya mwana wa sukulu ija, ndipo anapeza ulusi woti adule pamene panalibe ulusi. Zaka zonsezi ankayesa kuti kuseri kwa khoma kuli mdani, ndipo anali atagula ketulo yonyansa kuposa zonse kuti amuzunze nayo, pamene mdaniyo ankathawa anzake Lachinayi n'kumathamanga pamsewu kuti iwo asapse.

Ketulo inalira. Chisamba anadzidzimuka mpaka bondo linagunda tebulo, mabatani n'kumwazika pansi. Aphunzitsi anatsinzina. Kenako, poti khoma linali patali, anatambasula mpini uja n'kugogoda katatu pa mwendo wa mpando wa Mayi Singano. Iwo anaimirira n'kukazimitsa.

Chisamba anamwa tiyi wake. Atamaliza anapita kugalimoto, anabwera ndi chozimitsira moto chofiira, anachikhomera pafupi ndi khomo la kukhitchini, n'kuwaonetsa amayi awiriwo kagwiritsidwe kake kawiri konse. Anati sabata yamawa adzabwera kudzawatenga amayi ake kuti akawapime makutu kuchipatala, ndipo pa zimenezo safuna kumva eya, eya. Za chipinda sanatchulenso. Galimoto inachoka zingwe zili chikulungire, ndipo Mayi Singano anali atayamba kale kuchiyeza ndi maso chozimitsira motocho, poti sichikanakhala pakhoma chosavala.

Anatsala awiri pabalaza, makapu ali pa tebulo, mabatani ali mbwee pansi. Aphunzitsi ankayang'ana kalendala. Mayi Singano ankayang'ana Aphunzitsi, mmene telala amayang'anira munthu, kuyambira m'mapewa kutsikira m'chiuno. Ukalamba unali utawadya mnofu ndithu. Mayi Singano analowa kuchipinda, anakoka sutikesi pansi pa bedi, ndipo anabwera ndi diresi yobiriwira yonunkha mankhwala a njenjete. Anaikung'untha n'kuiyanika pa mkono wa mpando.

"Mwaonda," anatero. "Ikukwanani tsopano."

Aphunzitsi anaigwira nsaluyo, anaitembenuza, anayendetsa zipi kukwera ndi kutsika. Kenako anayang'ana Mayi Singano m'maso, nayankhula pang'onopang'ono, motsegula pakamwa bwino, kuti liwu lililonse lioneke.

"Inali yothina."

"Eya, eya," anatero Mayi Singano, ngakhale anamva bwinobwino.

Mawa lake, folo itadutsa ndi mphindi khumi ndi ziwiri, sizasi inavina pa msomali. Mayi Singano anakazimitsa chitofu, anatsitsa makapu awiri, ndipo asanathire anabwerera pabalaza, anachotsa sizasi ija pa msomali, n'kugogoda nayo khoma kawiri, kuti kuseriko adziwe kuti tiyi wapsa.